Nkhondo nayo ili ndi malamulo, tisanamizane

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankheko anzathu amene angolemba pa Facebook kuti nkhondo ndi nkhondo basi, bomba silisankha, ndiye ana akafa ku Gaza kaya ku Sudan palibe mlandu. Ayi, si choncho. Mapangano a ku Geneva a 1949, amene ndi malamulo a nkhondo amene maiko anagwirizana, alipo, ndipo mu 1977 anaonjezapo Protocol yoyamba imene pa Article 51 ikamba poyera kuti ngakhale chimene ufuna kuphulitsa chili cha asilikali, ngati ukuona kuti anthu wamba amene afe kapena kuvulala achuluka mopitirira phindu lenileni limene upeze pankhondoyo, usaombe. Ngakhale pankhondo yapachiweniweni lamuloli ligwirabe.

Manje pamene ambiri asokonezera ndi apa, aganiza kuti ndi nkhani yowerenga mitembo, uku afa angati uko afa angati, ngati zikufanana ndiye zili bwino. Sichoncho ayi. Amayeza kuukira kulikonse pakokha, asanaombe, ndi zimene mkulu wa asilikali akudziwa nthawi imeneyo. Tinene kuti adani aika mfuti yaikulu imodzi pafupi ndi msika tsiku la Loweruka, azimayi ayala tomato ndi kapenta, ana ali kumsana, anyamata a njinga akudikira makasitomala, iwe sungangoponya bomba ati poti mfuti ili pomwepo, Article 57 ya Protocol yomweyo ikuti funa njira ina, sintha nthawi, chenjeza anthu ngati n'kotheka, zikakanika leka. Adaniwo nawo alakwa pobisala pakati pa anthu, koma kulakwa kwawo sikukupatsa iwe chilolezo. Sitiotcha nkhokwe chifukwa cha khoswe.

Ife a kum'mawa kwa Zambia kuno zinthuzi sitinangomva pa wailesi. Cha kumapeto kwa ma 1980 a RENAMO, zigawenga za ku Mozambique, ankadumpha malire kudzapha anthu m'midzi ya ku Chadiza ndi Katete, ndipo abale athu a ku Mozambique anadzaza ku kampu ya othawa kwawo ya Ukwimi. Izo zinalibe n'zoyezayeza zomwe, kunali kupha anthu wamba mwadala, mlandu woonekeratu. Yovuta ndi ngati ya ku Chikumbi pafupi ndi Lusaka mu October 1978, asilikali a Rhodesia (Zimbabwe ya lero) ataphulitsa anati inali kampu ya asilikali a ZIPRA omenyera ufulu wa dzikolo, koma a Joshua Nkomo, mtsogoleri wa ZIPRA, anati munali othawa kwawo.

Ndipo apa mpamene ine lamuloli limandidandaulitsa, woyeza sikelo ndi yemweyo wogwira mfuti, ndipo umboni wa zimene anadziwa ausunga yekha. Khoti la ICC ku The Hague, loweruza milandu ya nkhondo, limene Zambia ndi membala, nalonso lifuna kuti kupitirirako kukhale koonekeratu lisanagamule munthu.

Anyamata athu achisilikali akumapita ku Central African Republic pansi pa UN. Atolankhani anu akatifunsireko kuti zimenezi amaphunzitsidwa bwanji asananyamuke, ndipo mutilembere mu Chinyanja kuti ndi ambuya kumudzi amve.

Ine wowerenga wanu,
Chipata