Ofufuza za filosofi ayambire pa insaikulopediya, koma asamangepo msasa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi ophunzira filosofi m'sukulu zathu za ukachenjede, makamaka amene apatsidwa koyamba mutu woti afufuze.

Mdzukulu wanga atapatsidwa mutu wa umunthu, anatha masabata awiri akulimbana ndi buku la Placide Tempels, wansembe wa ku Belgium amene ankatumikira ku Congo, lomwe limafotokoza filosofi ya anthu olankhula zinenero za Chibantu ndipo linatuluka m'Chifalansa mu 1945. Analikhulupirira lonse, osadziwa kuti akatswiri a muno mu Africa, monga Paulin Hountondji wa ku Benin, analitsutsa kalekale ponena kuti kufotokoza zikhulupiriro za mtundu wonse ngati maganizo a munthu mmodzi si filosofi yeniyeni. Zinandipweteka mtima, chifukwa akanayamba ndi nkhani yachidule ya mu insaikulopediya (buku losonkhanitsa nkhani zofotokoza mitu yosiyanasiyana), akanaudziwa mkangano umenewu tsiku loyamba lomwelo.

Stanford Encyclopedia of Philosophy, imene Edward Zalta anaiyambitsa mu 1995, imawerengedwa mwaulere pa intaneti, ngakhale pafoni. Nkhani iliyonse imalembedwa ndi katswiri wa mutuwo, imaunikidwa ndi akonzi isanatuluke, ndipo imakonzedwanso nthawi ndi nthawi. Kwa ine chuma chake chenicheni chili kumapeto kwa nkhani, pamene pali mndandanda wa mabuku, pakuti m'pamene wophunzira amadziwira amene anayambitsa funsolo, amene anamutsutsa, ndi buku loyenera kulifuna ku laibulale. Amene angokopera nkhaniyo n'kukapereka kwa mphunzitsi wake sanayambe n'komwe kufufuza.

Pa nkhani za kuno kwathu, buku la A Companion to African Philosophy, limene Kwasi Wiredu wa ku Ghana anakonza mu 2004, ndi lothandiza kwambiri. M'menemo muli mutu wa Didier Kaphagawani, Mmalawi mnzathu amene anaphunzitsa ku Chancellor College, wounika zomwe Tempels ndi John Mbiti, katswiri wa ku Kenya, ananena za chimene munthu ali. Mdzukulu wanga atauwerenga, anayamba kudzifunsa ngati mwambi woti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu umatanthauzadi kuti munthu payekha alibe ufulu pamaso pa gulu, ndipo funso limeneli ndi limene linasanduka mutu wa kafukufuku wake.

Ndikupempha aphunzitsi ndi oyang'anira malaibulale kuti apatule ngakhale ola limodzi m'chaka choyamba, asonyeze ophunzira kagwiritsidwe ntchito ka mabuku amenewa asanawapatse ntchito yoyamba yolemba.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Zomba