Kwa mwana wanga amene akudwazika apongozi ake

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kaya inu kumeneko ndi ana. Ndati ndilembe chifukwa pafoni paja unkalira, ndipo zimene ndinanena sindikhulupirira kuti zinalowa.

Unati madokotala apeza kuti khansa ya asewele anga yafalikira, opaleshoni singathandizenso, ndipo akutumizani ku Tiyanjane, konko ku Queen Elizabeth. Iwe ndi amuna ako mwamva ngati achipatala akutayani. Sanakutayeni ayi. Tiyanjane ndi kiliniki ya anthu amene matenda awo sangachire, ndipo ntchito yake ndi yoti munthu asabuule ndi ululu, agone tulo, adye zimene angathe, ulemu wake usachoke. Kuno ku Salima tili ndi kiliniki ngati yomweyo, ya Ndi Moyo, imene namwino Lucy Finch anatsegula mu 2007. Ndaona ndekha anthu amene ankalira usiku wonse akuyambanso kukhala pakhonde n'kumacheza ndi adzukulu. Sanachire, koma masiku awo anakhala a munthu. Pitani msanga, musadikire kuti zinthu zifike povuta.

Pa nkhani ya mofini, mankhwala amphamvu oletsa ululu, ndi pamene ndikufuna undimvetsetse. Anthu amanong'onezana kuti ndi mankhwala omalizitsa wodwala. Zimenezo n'zabodza. Chimachitika n'chakuti ambiri amawalandira mochedwa, atatsala madzi amodzi, ndiye akatisiya anthu amaloza botolo. Mofini wamadzi uja amamwedwa maola 4 aliwonse, kutsata nthawi, osadikira kuti ululu uyambe, pakuti ululu ukakwera umavuta kutsitsa. Masiku oyamba amayi akhoza kumasinza kapena kuchita mseru, koma zimatha. Chimene sichitha chokha ndi kudzimbidwa, choncho upemphe mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo. Ululu ukapitirira, usawonjezere mlingo wekha, bwererani kwa anamwino akaonenso. Botolo lizikhala kumene ana safikako.

Akayamba kulephera kudzuka, uziwatembenuza maola awiri aliwonse. Zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi zimayambira pamsana m'munsimu, m'chiuno ndi ku zidendene, ndipo zikatseguka zimavuta kupola. Pogona pazikhala pouma. M'kamwa uziwapukuta ndi kansalu konyowa, milomo uziidzoza mafuta. Chakudya usawakakamize. Ife timaganiza kuti munthu akameza mbamu ya nsima ndiye kuti tamusamala, koma thupi likatopa limakana lokha. Phala losalala pang'ono, thobwa, nthochi yakupsa, madzi pa supuni, zimenezo zikwanira. Akakana, asiye, usakhumudwe.

Tsono pali nkhani yovuta. Unati abale agwirizana kuti amayi asauzidwe. Ine ndikukana. Asewele anga ndi munthu wamkulu, wolera ana, ndipo thupi ndi lawo. Akudziwa kale kuti zinthu sizili bwino. Mukamawanamiza kuti mawa achira, mukuwasiya okha ndi mantha awo, opanda womuuza. Sindikuti muwakhuthulire zonse tsiku limodzi. Amuna ako akhale nawo pansi, awafunse zimene akudziwa ndi zimene akufuna kudziwa, kenako amvetsere. Anamwino a ku Tiyanjane anaphunzira kulankhula nkhani zotere, apempheni akuthandizeni. Mwina amayi akufuna kubwerera kumudzi. Mwina pali m'bale amene sakumwerana naye madzi ndipo akufuna kukhululukirana naye. Mwina ali ndi mawu okhudza munda ndi nyumba, ndipo mawu amenewo ndi bwino anenedwe pali mboni, alembedwe, iwo akadali ndi mphamvu.

Abwera ena ndi malonjezo, wina wa zitsamba zake, wina wa mafuta odzozedwa, onse ofuna ndalama. Pemphero ine ndimalikhulupirira, ndipo abusa ndi amayi a Mvano aziitanidwa, aziwaimbira nyimbo zimene amakonda. Koma aliyense wonena kuti asiye mankhwala a ululu, kapena kuti mugulitse malo kuti achire, umukane mwaulemu, ngakhale akhale wamkulu pabanjapo.

Ndipo iwe usadwazike wekha. Ndikukudziwa, umafuna kusenza zonse kuti anthu asakunene. Alamu ako agawane masiku, makamaka pa kusambitsa, pakuti amayi angamasuke kwambiri ndi ana awo aakazi kuposa ndi mpongozi. Amuna ako nawonso azidzuka usiku kupereka mankhwala, si ntchito ya akazi okha. Ugone, udye. Ukalira usachite manyazi.

Ndikamaliza kukolola ndibwera ndidzakulandireko kwa masabata angapo. Pakadali pano ndikutumizira ufa woyera ndi nsinjiro za phala la amayi. Ukabwerako ku Tiyanjane undiimbire, undiuze mlingo umene awapatsa ndiponso mmene agonera usiku woyamba. Uwapatse moni asewele anga, uwauze kuti ndikuwakumbukira m'mapemphero.

Ndine mayi ako.