Usananyamuke ulendo wa ku Cape Town

Mwana wanga,

Kuno ku Bangula tili bwino, kungoti dzuwa latiotcha kwambiri, mapira okha ndiwo apirira. Amayi ako andiuza kuti ukufuna kusamukira ku Cape Town, uzikagwirira komweko ntchito yako ya pakompyuta ija, poti amene amakulipira ali ku Ulaya. Sindikukuletsa. Agogo ako nawo anapita ku Wenela, malata a nyumba yomwe unabadwira anagula ndi ndalama za kumigodi. Koma iwo ankanyamuka kontirakiti ili m'thumba, mpaka Kamuzu atatseka ulendowo mu 1974 ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown.

Chandisowetsa tulo ndi mawu ako akuti ukangolowa ngati mlendo, zina ukazionera konko. Mmalawi pa Beitbridge amamudindira masiku 30 okha. Ukapyoletsa pang'ono, potuluka amakulemba kuti ndiwe munthu wosafunika ndipo subwererako chaka chathunthu. Ukapyoletsa ndi masiku oposa 30, ndi zaka zisanu. Mnyamata wa kuseri kwathu kuno anabwera ndi jumbo imodzi yokha, pasipoti atapereka kwa munthu wina amene anamulonjeza chidindo. Ndinaiona ndi maso anga pasipotiyo, chidindo chabodza inki yake itafalikira tsamba lonse. Mayi ake anagulitsa mbuzi zinayi kuti abwere kumudzi.

Njira yolunjika ilipo. Mu 2024 dziko la South Africa linakhazikitsa viza ya anthu ogwira ntchito pa intaneti olipidwa ndi makampani akunja, koma amafuna umboni woti umalandira ndalama zoposa 650,000 rand pachaka. Namibia inayamba yake mu 2022, ya miyezi isanu ndi umodzi, kwa munthu wolandira madola 2,000 pamwezi. Ukuona wekha kuti malamulowa anawakonzera anthu a m'thumba mwolemera, ndipo zimandiwawa kuti mwana wophunzira ngati iwe ayesedwe ndi sikelo yomweyo ndi mzungu wa ku Germany. Komabe ndi mmene alili.

Khala pansi uwerengere malipiro ako a chaka chonse. Ngati akukwana, sonkhanitsa kalata ya abwana ndi masitetimenti a kubanki, upemphe viza ya ku South Africa ija uli konkuno ku Malawi. Ngati sakukwana, khala kaye ku Blantyre komweko, ugule sola ndi batire magetsi asamakudule ntchito. Ng'ombe imodzi ndingagulitse ndikuthandizeko.

Ubwere tidzakambirane pamaso Shire asanadzaze.

Ndine bambo ako.