Khobidi la Aroma akuti lili m'buku? Tsegulani kaye bukulo musanatulutse ndalama

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani yomwe kwa ambiri imveka ngati ya anthu osowa chochita, yotolera makobidi akale a Aroma, makamaka aja amene zithunzi zake zinasindikizidwa m'mabuku a akatswiri. Ine ndimakhala kuno ku England ndipo masiku ano a Malawi anzathu ena ayamba kulowa nawo m'zimenezi, ena chifukwa chokonda mbiri yakale, ena poganiza kuti muli dola, nde funso lomwe likumabwera pa WhatsApp ndi limodzi lomweli: wogulitsa walemba kuti ili ndi plate coin, ndi lenilenilo lomwe linajambulidwa m'buku, mtengo wakweza kawiri katatu, ndigule kapena ayi? Ine ndimati gulani ngati thumba likulola, koma mudziwe chomwe mukulipiracho, chifukwa si kukongola ayi ndipo nthawi zambiri si kusowa kwa khobidilo.

Makobidi a zaka za m'ma 300 si osowa. Mfumu ya Aroma Diocletian atasintha ndalama mu 294 anatulutsa khobidi la mkuwa lalikulu lolemera pafupifupi magalamu 10, lopakidwa kasiliva pang'ono pamwamba, koma zinthu zitayamba kukwera mitengo khobidilo linkangochepa, pofika m'ma 330 nthawi ya mfumu Constantine linali litatsika kufika magalamu awiri ndi theka, kenako kuchepera apo. Ankasula mamiliyoni. Ku Seaton Down m'chigawo cha Devon munthu wina wa makina ofufuzira zitsulo pansi anapeza makobidi 22,888 malo amodzi mu 2013, pano ali ku myuziyamu ya ku Exeter, ndipo ambiri mwa iwo ndi amtundu womwewu umene mungagule ndi mapaundi ochepa, ndalama yosakwana nkomwe ya nkhomaliro mu tauni. Nde wina akakuuzani kuti poti khobidi lakhala zaka 1,700 basi ndinu olemera, mumuseke.

Koma chosangalatsa chake ndi ichi, makobidiwa sankapangidwa ndi makina ngati ma kwacha athuwa omwe onse amatuluka ofanana. Munthu ankaika kachitsulo pakati pa zidindo ziwiri zozokotedwa pamanja n'kumenya ndi hamala. Lina limatuluka lozungulira bwino, lina lopendekera, lina nkhope ya mfumu yatsetserekera kumbali mpaka zilembo zina zagwera kunja, lina lang'aluka m'mphepete. Palibe awiri ofanana ndendende. Ndichifukwa chake chithunzi cha m'buku sichingosonyeza mtundu wa khobidi, chimasonyeza khobidi limodzi lenileni, ndipo mukalipeza patapita zaka 60 mutha kulizindikira ndi mng'alu wake.

Buku lomwe aliyense amatchula ndi Roman Imperial Coinage, anthu amangoti RIC, gawo loyamba linatuluka ku London mu 1923 m'manja mwa Harold Mattingly ndi Edward Sydenham. Ife a makobidi akumapeto kwa ufumu wa Aroma timagwira magawo kuyambira 6 mpaka 10. Gawo 7 la mafumu Constantine ndi Licinius analemba Patrick Bruun mu 1966, gawo 8 la ana a Constantine ndi la John Kent mu 1981, ndipo Kent yemweyo anatseka ndi gawo 10 mu 1994. Tsono apa ndi pomwe ambiri amapusitsidwira. Pafupifupi khobidi lililonse pamsika limakhala ndi nambala ya RIC pa kapepala kake, nambalayo imangotanthauza kuti mtundu umenewu unalembedwa m'bukumo, mfumu yakuti, zilembo zakuti, wosulidwa kwakuti. Makobidi masauzande amagawana nambala imodzi yomweyo. Zithunzi zili kumapeto kwa buku ndipo ndi zochepa zedi poyerekeza ndi mitundu yomwe yalembedwa. Wogulitsa wochenjera amangolemba kuti "monga lilili m'buku" n'kusiya inu mudzinamize nokha, iye sananame, inu ndi amene mwamva zomwe mumafuna kumva.

Palinso china chapakatikati chomwe chimasokoneza ngakhale anthu oti akhalitsamo: makobidi awiri omenyedwa ndi chidindo chimodzi. Nkhope imakhala yomweyo, kakhalidwe ka zilembo komweko, ngakhale kachilema ka pa chidindo kamaoneka pa onse awiri, ndipo ndi chinthu chabwino kukhala nacho ndithu, koma m'mphepete mwake mumasiyana. Limenelo ndi m'bale wake wa la m'buku, si la m'bukulo.

Nanga lenilenilo limakupatsani chani choti mpaka muwonjezere ndalama? Limakupatsani deti. Ngati khobidi linajambulidwa m'buku la 1966 ndiye kuti mu 1966 linali kale pamwamba pa nthaka, m'manja mwa munthu kapena myuziyamu yodziwika, ndipo linkaoneka chonchi. Zikumveka zazing'ono eti? Si zazing'ono. Mu 1970 UNESCO inakhazikitsa pangano loletsa kuzembetsa zinthu zakale kuchoka m'maiko momwe zapezeka, ndipo chaka chimenecho ndi chomwe ma myuziyamu ambiri amachitenga ngati malire, chinthu chopanda mbiri yofika chisanafike chakacho amachiyang'ana ndi diso lokaika. Chikomyunizimu chitagwa kum'mawa kwa Ulaya cha m'ma 1990 makobidi ankhaninkhani anasefukira pamsika kuchokera ku maiko a ku Balkans, ambiri okumbidwa usiku m'mabwinja popanda wolemba kuti apezeka pati, pafupi ndi chani. Mumawaona mpaka pano akugulitsidwa mulu, dothi lili pomwepo. Kugula oterewa kuli ngati kugula galimoto yopanda bulubuku, iyenda bwinobwino, mwinanso yotchipa, koma tsiku lomwe mudzafune kugulitsa kapena kuoloka nayo malire ndi pomwe mudzayambe kuchita chibwibwi.

Kuti muone kuti mbiri ya khobidi ndi ndalama, mu 2020 khobidi la golide la Brutus lija lokumbukira kuphedwa kwa Julius Caesar linagulidwa pa okushoni ku London ndi mapaundi oposa 3 miliyoni, kenako zinaululika kuti mbiri ya eni ake akale inali yopeka, ndipo mu 2023 akuluakulu a ku New York analibweza ku Greece. Limenelo si la nthawi yathu yakumapetoyi, komabe taonani, khobidi linali lenileni, bodza linali pa pepala. Pepala munthu atha kulemba usiku umodzi. Buku losindikizidwa kalekale lomwe lili m'malaibulale dziko lonse sangalisinthe.

Kuno ku England malamulo ake ndi ofewerapo, kufufuza ndi makina n'kololedwa mwini munda akavomera, chuma chokwiriridwa chimayenera kunenedwa malinga ndi lamulo la 1996, ndipo pali ndondomeko ya Portable Antiquities Scheme yomwe imalemba ndi kujambula zomwe anthu atola. Chuma cha ku Hoxne chomwe chinapezeka mu 1992 munthu akusaka hamala yotayika m'munda, makobidi pafupifupi 15,000 a golide ndi siliva, chinakumbidwa bwino ndi akatswiri chifukwa wopezayo ananena msanga, n'chifukwa chake tikudziwa kuti chinakwiriridwa chaka cha 407 chitadutsa. Khobidi lokhala ndi nambala ya Portable Antiquities Scheme ija ine ndimalilemekeza chimodzimodzi ndi la m'buku.

Chithunzi chakale chimagwiranso akuba amtundu wina, aja okonza makobidi. Pali anthu aluso loopsa amatenga khobidi lofufutika n'kuzokotanso tsitsi la mfumu ndi kampeni, kusalaza dzimbiri, kumata mabowo, kupaka utoto wobiriwira kuti lioneke ngati lagona bwino m'nthaka. Chikomekome cha mkuyu. Mukaika pambali pa chithunzi cha zaka 50 zapitazo mumapeza kuti kale khutu la mfumu Constantius silinkaoneka, lero likuoneka mpaka mkati, nde mumadziwa kuti wina wadutsapo.

Koma musatengeke msanga. Zithunzi zambiri za mu RIC ndi za makobidi a m'ma myuziyamu akuluakulu, British Museum, Paris, Vienna, Ashmolean ya ku Oxford, ndipo amenewo sali pamsika. Omwe angagulidwe ndi aja anali a anthu wamba otolera kapena ojambulidwa kuchokera m'makatalogi a okushoni, ndipo bukulo limanena lokha komwe khobidi lililonse lojambulidwa linachokera. Tsono munthu akakubweretserani khobidi lomwe buku likuti lili ku Vienna, pa mtengo wa mapaundi 40, pali ziwiri: ndi lopanga kapena ndi lobedwa, zonse si zanu. Komanso zithunzi zakalezo kawirikawiri sankajambula khobidi lenileni, ankaumba chifanizo chake ndi pulasitala n'kujambula chimenecho kuti kuwala kukhale kofanana tsamba lonse, nde musayembekeze kuona mtundu wa dzimbiri, muyang'ane kazungulidwe, mng'alu, pomwe zilembo zadukira. Zimafuna kukhala pansi ndi galasi lokulitsira zinthu, osati kuyang'ana pa foni muli m'basi. Ndipo ngakhale zonse zitagwirizana muike pa sikelo, muone m'mphepete ngati mulibe kamzere kosonyeza kuti linathiridwa m'chikombole, chifukwa khobidi lotsanzira pothira limakopera mng'alu womwe.

Chomwe chimandinyansa ine kwambiri ndi fashoni yatsopanoyi, munthu amatumiza chithunzi cha khobidi lake ku webusaiti ina yosonkhanitsa zithunzi, akachiika basi mawa lake akulemba kuti lasindikizidwa, mtengo juu. Mawebusaitiwo ndi othandiza, sindikuwanyoza, koma chithunzi cha chaka chatha chikungochitira umboni za chaka chatha. Chimodzimodzi zilembo za mu RIC zosonyeza kusowa kwa khobidi, R1 mpaka R5 lomwe ndi losowetsetsa, zomwe Bruun anaika powerenga makobidi omwe anawapeza m'ma myuziyamu nthawi imeneyo. Ma myuziyamu sankalimbana n'kusunga timakobidi tamkuwa tambirimbiri, ndipo kuyambira 1966 nthaka yatulutsa zochuluka, lero R4 wina mumamupeza pa intaneti sabata iliyonse.

Wina afunsa kuti nanga iwe wa ku Malawi zikukukhudza bwanji za Aroma. Ine ndimangomupatsa khobidi agwire, aone pansi pa chithunzi chakumbuyo pomwe pali tizilembo tonena komwe linasulidwa. PLN ndi London, komwe malo osulira anatsekedwa cha mu 325, TR ndi Trier ku Germany, SIS ndi Siscia komwe pano ndi Sisak ku Croatia, ALE ndi Alexandria ku Egypt, ndipo za AN kapena ANT ndi Antioch, mzinda uja wa m'buku la Machitidwe momwe ophunzira anayambira kutchedwa Akhristu. Kachilembo kena pambali pake kamanena ngakhale chipinda cha amisiri chomwe chinasula. Ku Carthage, Tunisia ya lero, anasulako lina la mayi woimira Africa atavala chikopa cha mutu wa njovu, nyanga ya njovu m'dzanja lamanzere, mkango kumapazi. Ndipo Constantine yemwe timamumva kutchalitchi kuti anaitanitsa msonkhano wa ku Nicaea mu 325, amene analamula mu 321 kuti tsiku la dzuwa likhale lopuma, makobidi ake kwa zaka zingapo atapambana nkhondo ya 312 anapitirizabe kuika mulungu wa dzuwa ndi mawu akuti SOLI INVICTO COMITI, kutanthauza kwa Dzuwa losagonjetseka, mnzake wa mfumu. Zimenezi pa guwa sazinena kawirikawiri, koma khobidi lake ndi lotchipa, aliyense atha kuligwira n'kudzionera. Chizindikiro chachikulu cha Khristu chodzaza mbali yonse ya khobidi chinabwera cha mu 353 ndi Magnentius, munthu wolanda ufumu. Patangopita zaka khumi mfumu Julian, yemwe anakana Chikhristu, akuika ng'ombe yamphongo.

Kwa amene mukuyamba kumene, musayambire pa la m'buku. Yambani ndi aja otchipa, odziwika ndi mawu olembedwapo, asilikali awiri a GLORIA EXERCITVS, mmbulu woyamwitsa mapasa wa VRBS ROMA, kapena FEL TEMP REPARATIO wa kuyambira 348 pomwe msilikali akubaya munthu wogwa pa hatchi, muphunzire kuwerenga zilembo ndi kuzindikira mkuwa wabwino ndi wodwala, uja wotuluka ufa wobiriwira umene umadya khobidi mpaka kulibowola. Mabuku a RIC ndi odula, koma American Numismatic Society inaika mitundu yake pa intaneti mwaulere pa Online Coins of the Roman Empire, ndipo kwa zithunzi zenizeni za kumapeto kwa buku malaibulale a mayunivesite amathandiza. Mukagula chilichonse sungani katikiti kakale komwe kabwera nako ngakhale kali kong'ambika, lembani tsiku ndi komwe mwagula, jambulani mbali zonse ziwiri.

Tsiku lomwe wogulitsa adzakuuzeni kuti ili nde la m'buku, mufunseni buku liti, la chaka chanji, tsamba la zithunzi nambala chani, chithunzi chachingati, ndipo akutumizireni tsambalo mufananize nokha. Wogulitsa woona amasangalala ndi funso limeneli chifukwa amakhala atafufuza kale, amatumiza nthawi yomweyo. Akayamba zoti mukundikaikira, pali enanso akulifuna, tumizani ndalama lero lomwe, msiyeni agulitse kwa enawo.

Ine wowerenga wanu,
Wotolera makobidi,
Leicester, England