Bwanji sanatiuze za phewa tisanatuluke mchipatala?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera mu nyuzipepala yanu pa nkhani imene yatisowetsa tulo kunyumba kwathu. Ndine mayi amene ndakhala ndikudwazika amuna anga chichitidwireni opareshoni ya mtima ija amati bypass, yosokerera mitsempha ina kuti magazi azilambalala pamene patsekeka, miyezi 5 yapitayo. Mtimawo ukugunda bwinobwino, tikuthokoza Mulungu komanso madokotala amene anagwira ntchito yaikuluyo, sindikulemba kuti ndiwanyoze ayi. Chimene chandigwiritsa cholembera ndi phewa, phewa lakumanzere la bambowa, limene linativutitsa kuposa bala la pachifuwa koma palibe olo munthu mmodzi amene anatichenjeza za ilo.

Tsiku lotuluka anatiuza zambiri ndithu, za mankhwala akumwa, za kasamalidwe ka bala, zoti asanyamule chinthu choposa makilogalamu 5 kwa masabata 6 mpaka 8, asayendetse galimoto, akamatsokomola azikumbatira pilo pachifuwa, zonsezo ndinalemba mu kope. Za phewa zii. Nde patatha masiku 4 tili kunyumba, cha m'ma 2 koloko usiku, ndinadzidzimuka ndikuona bambo akhala m'mphepete mwa bedi, dzanja lamanja agwira phewa lakumanzere, mutu wazyolika, sakuyankhula. Ndinawafunsa kuti bambo chavuta ndi chiyani, iwo anangoti phewali likuwawa mpaka kukhosi ndi kumsana. Mtima wanga unangoti myuu chifukwa tsiku limene matendawa anawagwira koyamba ululu unayambira mbali yomweyo, phewa ndi mkono wakumanzere, nde mmutu mwanga ndinangoti basi zabwereranso, mitsempha anasoka ija yatsekeka. Tinathamangira kuchipatala usiku womwewo, anawapima ECG yoona kagundidwe ka mtima, anatenga magazi, anajambula pachifuwa, zonse zili bwino. Sindinong'oneza bondo kuti tinapita, olo lero zitachitikanso ndipita, komano dokotala wachinyamata amene tinamupeza ananena mawu amene mpaka pano amandiwawa, akuti mayi zimenezi zimachitika kwa anthu ambiri amene achitidwa opareshoni imeneyi. Ngati ndi ambiri, bwanji osatiuziratu?

Kuchokera tsiku limenelo ndinasanduka munthu wa mafunso, dokotala aliyense, nesi aliyense, a fiziyo aja ophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, ndimawafunsa mpaka ndimvetse, ndipo zimene ndaphunzira ndikufuna ena azimve asanakumane nazo pakati pausiku ngati ife.

Ambirife timangomva kuti munthu wachitidwa opareshoni ya mtima koma sitidziwa zimene thupi lonse limadutsamo patebulo paja. Kuti afike pamtima amadula fupa la pakati pachifuwa kuchokera kumwamba mpaka kumunsi, kenako amaika chitsulo chokanula chifuwa mbali iyi ndi iyi, ndipo munthu amakhala chonchi maola 3, 4, pena mpaka 6, ali chagada osasuntha. Nthiti zonse zija zimalumikizana ndi msana kumbuyo, nde ukakanula kutsogolo kumbuyonso kumapanikizika, minofu ya m'mapewa ndi pakati pa msana imakokeka, pena nthiti yoyamba ya pansi pa khosi imachita kuthyoka pang'ono osaonekera bwino pa chithunzi. Kwa amuna anga anachotsanso mtsempha wa magazi umene umayenda mkati mwa chifuwa mbali yakumanzere kuti aulumikize kumtima, ndipo kuti auchotse amayenera kutukula mbali imeneyo ya chifuwa kwambiri kuposa inayo. Mitsempha ina anaitenga kumwendo, njira imene dokotala wa ku Argentina René Favaloro anaitchukitsa ku Cleveland mu 1967. Nditamva zimenezi ndinasiya kudabwa kuti phewa lakumanzere ndi limene likulira, ndinadabwa kuti lakumanja lapulumuka bwanji.

Palinso minyewa, ija imapangitsa kuti chiwalo chizimva kukhudza ndi kusuntha, imene imachokera m'khosi kudutsa pansi pa fupa la phewa kutsikira mumkono mpaka kuzala. Chifuwa chikakanulidwa nayonso imakokeka kapena kupanidwa. Apa ndi pamene panandigwira chisoni kwambiri. Mmawa wina ndinawapeza aima pagalasi akulimbana ndi mabatani a shati, chala chaching'ono ndi choyandikana nacho zachita dzanzi, batani likungopulumuka, ayesa kachiwiri lapulumuka, kachitatu, kenako anangogwetsa manja nkukhala pampando osanena kanthu. Munthu amene moyo wake wonse wagwira ntchito ndi manja ake. Ndinawamangira mabataniwo ndili kumbali kuti asaone nkhope yanga. Dokotala anatiuza kuti dzanzi la zala ziwirizo limadziwika bwino pa opareshoni imeneyi ndipo kwa ambiri limatha lokha pakapita masabata kapena miyezi ingapo, minyewa imachira pang'onopang'ono, ndipo zoonadi pano zala zija zabwerera, changotsala kunyerenyesa kunsonga kukazizira.

China chimene sindikanachiganizira ndekha ndi machubu aja amasiya pansi pa chifuwa masiku oyamba kuti magazi ndi madzi azituluka. Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu wopumira, ndipo munyewa umene umauyendetsa umachokera m'khosi malo amodzi ndi minyewa ya pamwamba pa phewa, nde chubu kapena madzi zikamakhudza mnofu umenewo ubongo umasokonezeka nkumamva ngati phewa ndi limene likupweteka pomwe phewalo lilibe vuto. Nchifukwa chake ena ululu umayamba ali mu wodi momwemo.

Koma vuto lathu lalikulu tinadzipangira tokha chifukwa cha mantha, ndipo apa ndi pamene ndikufuna owerenga amvetsetse. Titauzidwa kuti fupa la pachifuwa lamangidwa ndi mawaya ndipo lisagwedezeke, ineyo ndinatenga ngati mkono usagwire ntchito ngakhale pang'ono. Kapu ndimawanyamulira, malaya kuwaveka, tsitsi kuwapesa, akafuna kutambasula mkono ndimakuwa kuti bambo mung'amba bala. Iwonso amayenda atawerama, mapewa atapindikira kutsogolo ngati akuteteza chifuwa, mkono wakumanzere atauphatika pamimba tsiku lonse, kugonanso chagada usiku uliwonse osatembenuka. Pofika sabata la 7 mkono sumakwera kupitirira pa phewa, kufikira thumba lakumbuyo la thalauza zosatheka, kusamba kunkhwapa nkhondo. A fiziyo atawaona anati phewa layamba kuuma, ndipo anafunsa ngati ali ndi shuga, tinati eya, anati anthu a shuga vuto louma phewali limawagwira msanga kuposa ena ndipo likakhazikika limatha kutenga chaka kapena kuposerapo. Anatifotokozera kuti chimene amaletsa ndi kunyamula zolemera, kukankha, kukoka, kudzitukula pampando ndi manja, kapena kukankhira mikono yonse kumbuyo mwamphamvu, koma kuyendetsa mapewa mofatsa tsiku ndi tsiku kumafunika kuyambira masiku oyambirira omwe. Ndinalira mgalimoto pobwerera chifukwa ndimaona ngati ndikuwasamala pomwe ndimawaumitsa.

Zimene anatipatsa kuti tizichita si zovuta olo pang'ono. Kukweza mapewa nkuwatsitsa, kuwazunguliza, kuwerama pang'ono mkono nkumaulendewetsa momasuka, kukhala mowongoka, kuyenda tsiku lililonse, kuika kansalu kofunda paphewa asanayambe, paphewa pokha osati pabala. Ndiye pali kaja kokwera khoma ndi zala, amaima moyang'ana khoma zala nkumayenda pang'onopang'ono kukwera mmwamba mpaka pamene ululu wayambira, osakakamiza. Ndinatenga pensulo nkumalemba kamzere pakhoma la kuchipinda pamene zala zafika Lamlungu lililonse. Sabata loyamba kamzere kanali pafupi ndi chibwano chawo, masabata ena awiri osasuntha mpaka anafuna kusiya, anati mayi izi sizikuthandiza, ndinati bambo tiyeni tione sabata limodzi lokha, kenako kanayamba kukwera, chala chimodzi, zala ziwiri.

Nkhani ya mankhwala ndiye musaitenge mopepuka chonde. Achibale akabwera kudzazonda aliyense amakhala dokotala, wina akuti mwani brufen, wina akuti diclofenac ndi amene anandichiza bondo, wina wabweretsa mafuta opaka. Amanena mwachikondi ndithu koma mankhwala a mtundu wa ibuprofen (brufen uja) ndi diclofenac ndi oopsa kwa munthu amene wangochitidwa bypass, amawonjezera chiopsezo cha mtima ndi sitiroko, amavutitsa impso, amakweza BP, ndipo munthuyo amakhala akumwa kale aspirin pena ndi clopidogrel kapena warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, nde ukaphatikiza akhoza kutaya magazi m'mimba. Mlamu wanga anali atawapatsa kale mapiritsi awiri ine ndili kukhitchini, mwamwayi anandiuza okha madzulo ake ndipo ndinaimbira dokotala. Ife anatiuza kuti paracetamol basi, osapitirira magalamu 4 patsiku, ndipo ululu ukaposa pamenepo tibwerere adzaone. Komanso mankhwala otsitsa mafuta m'magazi aja, ma statin, kwa ena amabweretsa kuphwanya kwa minofu makamaka mapewa ndi ntchafu mbali zonse ziwiri, koma munthu asasiye kumwa payekha, akauze dokotala asinthe mlingo kapena mtundu.

Tsono ndisasocheretse anthu, sindikunena kuti phewa lililonse likawawa muzingoti aa ndi zomwe analemba mayi aja. Ayi ndithu. Dokotala anatiphunzitsa kusiyanitsa ndipo ndinamata pepala pachitseko cha firiji. Ululu wa minofu ndi mafupa umasintha ukasuntha mkono kapena khosi, ukadina pamalopo umaumva, ukapeza kakhalidwe kabwino umachepa. Koma ululu umene ukubwera munthu akamayenda kapena kukwera masitepe nkumaleka akapuma, kapena wobwera ndi kulemera pachifuwa, thukuta lozizira, kubanika, mseru, chizungulire, wofalikira kunsagwada kapena kutsika mkono wonse, umenewo musadikire kuche, thamangani. Chimodzimodzi mtima ukamagunda mothamanga kapena modumphadumpha, mwendo umodzi ukatupa kenako mpweya nkuyamba kuvuta, bala likafiira kapena kutuluka mafinya, thupi likatentha, kapena mukamva fupa la pachifuwa likuti kwe kwe akamatsokomola kapena kutembenuka. Palinso kutupa kwa kathumba kamene kamakuta mtima, kumene kumatha kubwera patatha masabata angapo opareshoni itachitika, ululu wake umabaya ndipo umakonda kukwera pamwamba pa phewa chakukhosi, umakula munthu akagona chagada kapena akakoka mpweya kwambiri, nkumachepa akakhala tsonga ataweramira kutsogolo, nthawi zambiri ndi kutentha thupi. Kumeneko kuli ndi mankhwala ake koma mpaka dokotala aone, fiziyo sangathandize pamenepo. Ndipo a shuga muchenjere kawiri chifukwa kwa inu vuto la mtima limatha kubwera mwakachetechete popanda ululu waukulu.

Chimene ndikupempha kwa madokotala ndi anamwino nchaching'ono. Pa mndandanda wa zimene mumauza odwala potuluka onjezanipo phewa, khosi, msana ndi dzanzi la zala. Mphindi 5 zokha, muwauze kuti zikhoza kubwera, chifukwa chake nchiyani, ziti ndi zoti apirire ndipo ziti ndi zoti athamange nazo. A fiziyo amuone wodwala asanatuluke ndipo amusonyeze ndi wodwazika yemwe ali pomwepo, chifukwa kunyumba amene amalamula kuti mkono usunthe kapena usasunthe ndi ifeyo. Ndikudziwa mumapanikizika, odwala ndi ambiri, ndipo maso anu amakhala pa zimene zingaphe munthu, mpake. Koma munthu amene sakugona chifukwa cha ululu sayenda, sadya bwino, amakwiya msanga, amayamba kuganiza kuti opareshoni yalephereka, ndinaona ndi maso anga bambo amene anali wosangalala kuti wapulumuka akuyamba kukhala chete masiku athunthu, ndipo zonsezo mtima womwe mwaukonzawo sizikuuchitira zabwino.

Kwa anzanga amene mukudwazika kapena mukukonzekera opareshoni imeneyi, musachite manyazi kufunsa kuti mkonowu tiziuyendetsa bwanji, mpaka pati, kuyambira liti, nanga wodwala angayambe liti kugonera chammbali. Malangizo amasiyanako malinga ndi munthu komanso mmene fupa likuchirira, nde funsani za wodwala wanu yemweyo ndipo lembani. Mukapita kukaonana ndi dokotala wa mtima mutchule phewalo olo iye asafunse, amuna anga ulendo woyamba sanatchule akuti amaona ngati nkudandaula zazing'ono kwa munthu amene wawapulumutsa moyo.

Panopa timapitabe kwa a fiziyo kamodzi pa masabata awiri. Usiku phewa limawadzutsabe pena akagonera mbali imeneyo, ndipo kufikira kumsana sikunabwerere bwinobwino. Lamlungu lapitali kamzere ka pensulo kanadutsa pamwamba pa mutu wawo koyamba, ndipo dzulo avala jekete okha ine ndili panja.

Ndine wanu,
Mayi wowerenga nyuzipepala yanu