Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: kuimitsa ndi kuyendetsanso pulogalamu mu GDB

A wapampando, a msungichuma ndi anzanga nonse a gulu lathu la opanga mapulogalamu muno mu Blantyre, nali lipoti la masiku awiri amene munandituma. Malisiti a basi ndi a malo ogona ali kale m'manja mwa a msungichuma. M'mawa wa tsiku loyamba munali malonje ndi nkhani ya kalembedwe ka malipoti a zolakwika, zomwe timazidziwa kale. Ndalama yathu inabwerera pa phunziro la masana, la GDB, chida chosakira zolakwika mu mapulogalamu, pa Linux.

Mukagwira pulogalamu imene ikuyenda ndi "gdb -p" ndi nambala yake ya PID (nambala imene Linux imapatsa pulogalamu iliyonse yoyenda), ma thread onse (tizigawo ta pulogalamu toyenda nthawi imodzi) amaima. Koma mukalemba "next" kapena "step" kuti muiyendetse mzere umodzi, si thread imene mukuiyang'ana yokha imene imasuntha, enanso amamasuka pa kanthawi komweko. N'chifukwa chake vuto la ma thread awiri olimbirana malo amodzi limathawa mukangoyamba kulisaka. Mankhwala ake ndi "set scheduler-locking step", imene imaletsa ma thread enawo kusuntha pa kanthawiko. Mukaika "on" m'malo mwa "step" samalani: thread yanu ikamadikira mutex (loko wolola thread imodzi yokha pa nthawi) imene yagwiridwa ndi ina yoimitsidwa, mudzadikira mpaka dzuwa kulowa, GDB ili chete. Palinso "set non-stop on", imene iyenera kulembedwa musanagwire pulogalamuyo. Pamenepo imaima ndi thread yokhayo yafika pa breakpoint (malo amene mwauza GDB kuti iimitsirepo pulogalamu), ndipo "interrupt -a" ndi "continue -a" ndi zimene zimaimitsa ndi kumasula onse.

Za ma signal, zizindikiro zimene pulogalamu imatumiziridwa, ndiye zikutikhudza kwambiri. Ctrl-C imatumiza SIGINT, GDB n'kuigwira osaipereka kwa pulogalamu. SIGPIPE imabwera pulogalamu ikalembera socket (njira yolumikizirana pa intaneti) imene mbali inayo yatseka, ndipo ndi intaneti yodukaduka ya makasitomala athu, GDB imangoima pafupipafupi. Lembani "handle SIGPIPE nostop noprint pass". Mukafuna kupitiriza osapereka signal imene yaimitsa pulogalamu, ndi "signal 0".

Apa ndiloleni ndibwereze dandaulo limene linasiyidwa m'malere pa msonkhano wathu wa ku Limbe. Seva ikangouma, ena mwa ife amathamangira "kill -9", imene imatumiza SIGKILL. SIGKILL palibe pulogalamu ingaigwire: zimene zinali mu buffer (posungira zodikira kulembedwa) sizilembedwa, ndipo umboni wa chimene chinavuta umapita nayo limodzi. Mawa lake tiyamba kulozana zala. Chofunika ndi kugwira pulogalamuyo, kulemba "thread apply all bt" kuti tione pamene thread iliyonse yakakamira, "gcore" kusunga chithunzi cha memory, kenako "detach". Tikatero titumize SIGTERM, imene imapempha pulogalamu kuti itseke bwino, SIGKILL ikhale yomaliza. Wofuna kungoipumitsa agwiritse "kill -STOP", mu "ps" (mndandanda wa mapulogalamu oyenda) ioneka ndi chilembo T, ndipo "kill -CONT" imaidzutsa.

Chimodzi sindinagwirizane nacho pa msonkhanowo. Pa Ubuntu, ptrace_scope, imene imalamulira amene angagwire pulogalamu, imakhala pa 1, choncho kugwira pulogalamu imene simunaiyambitse mu GDB kumafuna sudo, mphamvu za woyang'anira makina. Ambiri anavomerezana zoika 0 kuti ntchito ifulumire. Pa laputopu yanu chitani, koma pa seva ya makasitomala ayi, chifukwa pulogalamu iliyonse ya user yemweyo ingathe kuwerenga memory ya inzake, mapasiwedi omwe.

Tsiku lachiwiri linali la zida za Windows, zomwe sitigwiritsa ntchito.

Kumbukiraninso kuti nthawi yonse imene pulogalamu yaima pa breakpoint, kasitomala wa ku Ndirande amene akulipira pa foni akudikira, mpaka kulumikizana kwake kuduke. Ife timasakira zolakwika pa seva yomweyo imene anthu akugwiritsa ntchito, poti pempho la makina oyeserera silinayankhidwebe. A wapampando, ndikupempha kuti nkhaniyi ikhale yoyamba pa msonkhano ukubwerawu, ndipo ndidzasonyeza gcore ndi scheduler-locking pa laputopu kwa onse amene adzabwere.