Ndikaima pagulu mawu amandithawa

Zikomo Azakhali,

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndakulemberani. Ndine bambo wa zaka 38, ndimalima mtedza ndi soya kufupi ndi Kamwendo kuno ku Mchinji. Vuto langa ena akalimva amaseka, koma ine likundisowetsa tulo. Sinditha kulankhula pagulu.

Musayese ndine munthu wofatsa. Pabawo ndimalongolola mpaka anzanga kundiletsa, ndipo mavenda akabwera ndi sikelo zawo zokayikitsa zija ndimalimbana nawo mpaka mtengo kukwera. Koma anthu akangokhala pansi, maso onse pa ine, wina n'kunena kuti "tsopano timve mawu a akubanja", basi nkhongono zii.

Mu Novembala chaka chatha amalume anatisiya. Iwowo ndiwo anali mwini mbumba, ndipo poti ine ndine mwana wamkulu wa mlongo wawo, akuluakulu anati ndilankhule m'malo mwa banja. Usiku pasiwa, amayi akuimba m'nyumba, ndinakhala kuseri ndi tochi ya foni n'kulemba zonse papepala. Nthawi itakwana anandipatsa chimkuzamawu. Azakhali, pepala lija linayamba kunjenjemera mpaka phokoso lake kumveka m'masipika. Mtima unkagunda ngati mbalule, m'kamwa gwaa, lilime ngati chikopa chouma. Ndinati "Amfumu" katatu konse osapitirira. Kenaka ndinawerenga mothamanga, kulumpha mizere, kuthokoza mpingo ndi amayi ophika, n'kuiwala adzukulu. Anthu amene anayamba kukumba manda tambala woyamba asanalire, panthaka youma poti mvula inali isanagwe! Mng'ono wanga, yemwe ndi mphunzitsi, anachita kunditenga chimkuzamawu n'kukonza zinthu. Mawa lake ndinakapepesa kwa adzukuluwo ndi nkhuku m'manja, koma manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

Ndikaganiza bwino, zinayambira kusukulu. Ndinalowa sitandade 1 mu 1994, chaka chomwe pulayimale inakhala yaulere, ndipo tinkadzaza pansi pa mtengo ngati nyerere. Ndili sitandade 5 anandisankha kulakatula ndakatulo ya Chingerezi paasembule. Ndinapotoza liwu limodzi, sukulu yonse inafa nacho chikhakhali, ndipo liwulo linasanduka dzina langa mpaka ndinachoka. Ena a msinkhu wanga amandiitanabe choncho tikakumana pamsika.

Sikuti ndangokhala ayi. Mnzanga wina wogwira ntchito zaumoyo anandifotokozera kuti munthu akachita mantha, tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso timatulutsira m'magazi timadzi tina totchedwa adrenaline. Thupi limakonzeka ngati wakumana ndi njovu panjira: mtima umathamanga, magazi amapita m'miyendo ndi m'manja kuti uthawe, malovu amauma, m'mimba mumabwadamuka. Akuti si matenda, ndipo ngakhale abusa ena zimawachitikira. Anandiuza kuti ndizipuma pang'onopang'ono, kukoka mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa mosafulumira, komanso ndizimwako madzi ndisanaimirire. Ndinamva ndithu, koma kudziwa dzina la njoka sikuchotsa ululu wake. Nthawi ikafika, zopumazo ndimaziiwala zonse.

Akazi anga anati ndiziyeserera. Ndiye ndimapita kudimba, kuima pamzere, n'kulankhula ndi mpiru ndi tomato. Kumeneko mawu amatuluka myaa, miyambi n'kumabwera yokha, mwakuti tsiku lina mwana woweta mbuzi anandipeza n'kuthawa poganiza kuti mutu wasokonekera. Kumphakati ndayesako kuwerenga mawu kawiri pamaso pa anthu khumi. Koyamba ndinatuluka thukuta kamukamu, kachiwiri kunali bwinoko pang'ono.

Malangizo ena ndi omwe akundizunguza. Anzanga a pabawo akuti ndingomwako kabotolo kamodzi ka kachasu, manyazi athawa okha. Ine mowa ndinasiya kalekale, ndipo ndinaonapo munthu atamwera dala kuti alimbe mtima, n'kukaulula zinsinsi za banja paukwati. Agogo ena akuti pali kamuzu koika pansi pa lilime. Wina akuti ndiziyang'ana pamwamba pa mitu ya anthu, koma kwathu kuno kulankhula ndi amfumu maso ali kudenga, si mwano umenewo?

Chandilembetsa kwenikweni ndi ichi. Mu Ogasiti mwana wa mlongo wanga ali ndi chinkhoswe, ndipo akuchimuna akuchokera ku Santhe, ku Kasungu. Ine ndiye nkhoswe ya kuchikazi. Ndiyenera kulandira alendo, kulandira tambala n'kupereka thadzi, kenaka kulangiza ana awiriwa anthu onse akumva. Ndinapempha kuti mng'ono wanga alankhule, poti iye choko ndi gulu ndi chakudya chake cha tsiku ndi tsiku. Alongo anga anangondiyang'ana n'kuti, "Achimwene, mutu ukakula sulewa nkhonya. Mukufuna akuchimuna aziti mbumba ino ilibe mwini?" Mwanayonso anabwera yekha, kugwada, n'kuti, "Amalume, ine ndikufuna mawu anu." Ndinasowa poyang'ana.

Tsono ndithandizeni, Azakhali. Ndilembenso papepala, kapena pepalalo ndi lomwe limandiyalutsa? Ndiloweze liwu ndi liwu, kapena ndingosunga mitu itatu m'mutu? Mawu akandithawa pakati, ndingachite chiyani kuti anthu asaone kuti ndasochera? Ndipo kodi n'kulakwa kugawana ntchitoyi ndi mng'ono wanga, iye alandire alendo, ine ndingolangiza anawa mwachidule? Kwatsala miyezi iwiri yokha, ndipo ndikangomva chimkuzamawu chikuyesedwa kutchalitchi, m'mimba mumayamba kale kutembenuka.

Ine wanu wothedwa nzeru,
Malume wa ku Kamwendo, Mchinji